Munda Ndi Wanu, Nthaka Ndi ya Bwana

Mu 1903 khoti lalikulu la ku Blantyre linazenga mlandu wachilendo: boma la atsamunda linasumira kampani ya atsamunda anzake. Wodandaula anali mkulu woyang'anira nkhani za anthu akuda, ndipo woyankha mlandu inali kampani ya Blantyre and East Africa Limited. Kampaniyo inali itasainitsa nyakwawa zina mapangano oti anthu awo azigwira ntchito m'minda yake ngati malipiro okhalira pa malo amene iwo anali atakhalapo kale azungu asanawatenge. Woweruza Joseph Nunan anagamula kuti mapanganowo anali opanda mphamvu, popeza nyakwawa inalibe ulamuliro wotaya ufulu wa anthu ake pongosaina pepala.

Chigamulo chinali chomveka bwino. Komabe ntchito yotereyi, yotchedwa thangata, inapitirira zaka pafupifupi 60 chigamulocho chitaperekedwa, ndipo pofuna kumvetsa mmene zinatheka n'kofunika kuyamba ndi mmene anthu ankakhalira pa nthaka mapepala asanabwere.

Kwa Amang'anja, Ayao ndi Achewa, kulima pa nthaka imene si yako sichinali chinthu chochititsa manyazi kapena choopsa, chifukwa aliyense ankalima motero. Nthaka inali m'manja mwa mfumu, osati ngati katundu wake wogulitsa, koma ngati choikizidwa cha mudzi wonse, amoyo ndi amene ali kumanda. Mfumu inkagawira mabanja, mwinimbumba n'kugawira alongo ake ndi ana awo aakazi. Munthu akaswa mphanje, mundawo unkadziwika ndi dzina lake. Zokolola zinali zake, mitengo imene anadzala inali yake, ndipo ngakhale ataugoneka kukhala tsala kwa zaka zingapo, wina sakanaulowa osapempha. Mfumu sikanamulanda popanda mlandu waukulu. Chimene sakanachita n'chimodzi chokha: kuugulitsa. Mlendo wofuna pokhala ankapita kwa nyakwawa, n'kupatsidwa malo, ndipo ankathokoza ndi nkhuku, dengu la chimanga kapena tsiku lothandiza kulima m'munda wa mfumu. Kuthangata kunali kumeneko, kuthandizana kwa anthu okhala pamodzi, ndipo mfumu nayo inkayembekezeka kutsegula nkhokwe yake chaka cha njala.

Choncho pamene mafumu a m'mapiri a Shire ankalandira nsalu, mikanda, mfuti ndi onga kuchokera kwa azungu m'zaka za m'ma 1880, anali kuchita zimene ankazidziwa, zopatsa mlendo pokhala ndi polima. Azunguwo ankati agula.

Dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891, Harry Johnston, amene anali Kazembe woyamba, anayamba kufufuza zonena za ogulawo, ndipo kuyambira 1892 anapereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Zikalatazi zinaphimba maekala pafupifupi 3.7 miliyoni, gawo loyandikira 15 peresenti ya nthaka ya dziko lonse. Maekala 2.7 miliyoni mwa amenewa anali kumpoto, m'boma la North Nyasa, kumene makampani sanalimeko kwenikweni. Ululu weniweni unali kummwera. M'mapiri a Shire, m'madera a Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, pafupifupi theka la nthaka yabwino linagwera m'manja mwa anthu owerengeka. Eugene Sharrer yekha anatenga maekala oposa 360,000, amene pambuyo pake anakhala a British Central Africa Company. John Buchanan ndi abale ake anatenga oposa 160,000, ndipo Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone, anapeza malo okula chimodzimodzi, ambiri a iwo ku Magomero.

Johnston sanali wosadziwa kuti pa malowa panali anthu. M'zikalata zambiri anaikamo ndime yoletsa mwini esiteti kusokoneza kapena kusamutsa mudzi kapena munda umene unalipo pa tsiku limene chikalatacho chinkaperekedwa, pokhapokha boma litavomereza molemba. Apa ndiye panabadwira, m'malamulo olembedwa a dziko lino, ufulu wokhala ndi kudya za pa malo amene mwini wake ndi wina. Nthaka inali ya Sharrer kapena Bruce, koma mudzi unali ndi ufulu wokhalapo ulere.

Ndimeyo inali ndi mabowo atatu, ndipo onse anali aakulu. Palibe amene anayenda m'midzi kulemba mayina a anthu otetezedwawo kapena kuyeza malire a minda yawo, moti patapita zaka 20 zinali zovuta kutsimikiza kuti woyamba anali ndani, wobwera ndani. Chachiwiri, ndimeyo inateteza minda imene inalipo tsiku limenelo, pamene ulimi wa nthawiyo unali woyenda. Nthaka ikaguga anthu ankaswa mphanje pena, ndipo midzi inkasamuka pakapita zaka. Banja likangosuntha pang'ono, mwini esiteti ankati latuluka m'chitetezo ndipo tsopano likulima pa malo ake. Chachitatu, ndimeyo sinanene kanthu za ana amene adzabadwe ndi kufuna minda yawo.

Poyamba eni maesiteti sanalabadire zonsezi. Khofi, mbewu imene ankaidalira, sankafuna anthu ambiri chaka chonse. Koma khofi atagwa cha m'ma 1900 chifukwa cha matenda, chilala ndi kutsika kwa mitengo, analowa mu ulimi wa thonje, fodya ndi tiyi. Mbewu zimenezi zimafuna manja ambiri nthawi ya dzinja, nthawi yomweyo imene munthu wa kumudzi akupalira ndi kubandira chimanga chake. Palibe amene akanasiya munda wake mu Januwale chifukwa cha malipiro ochepa a mzungu, pokhapokha atakakamizidwa.

Zokakamizira zinapezeka ziwiri. Choyamba chinali msonkho wa nyumba, umene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 unali masheleni 6 kwa munthu wosagwira ntchito kwa mzungu, koma masheleni 3 okha kwa amene wagwira mwezi umodzi. Chachiwiri chinali kufika kwa Alomwe. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mabanja zikwizikwi anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhondo, njala ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Analowera ku Mulanje ndi Phalombe ali opanda malo, opanda mfumu yowayankhulira m'dziko lachilendo. Maesiteti anawalandira, koma ndi pangano: mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho. Ndime ya Johnston sinkawakhudza chifukwa anali obwera. Ndipo poti panalibe kaundula wa eni mudzi oyambirira, posakhalitsa pangano la obwera linagwera aliyense.

Mwezi wa pa esiteti sunali mwezi wa kumwamba. Unkawerengedwa pa tikiti, ndipo kapitawo ankachonga tsiku pokhapokha munthu akamaliza ndime imene wapatsidwa. Ndime ikakula, tsiku limodzi linkadya masiku awiri, ndipo miyezi iwiri ya pa pepala inkafika inayi kapena isanu m'munda. M'malo ena malipiro ankaperekedwa ngati masamba a fodya m'malo mwa ndalama. Amayi amasiye ndi osakwatiwa nawonso ankaitanidwa. Wokana ankagwetseredwa nyumba, kuzuliridwa mbewu, kapena kuuzidwa kuti achoke, ndipo kwa Mlomwe kuchoka kunkatanthauza kubwerera kwa Apwitikizi.

Ku Magomero zinthu zinafika poipitsitsa. Woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce anali William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutchula kuti Listonia, ndipo ankadziwika ndi chikoti. Mwini wake, Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu wa David Livingstone, sankalola sukulu kapena tchalitchi pa malo ake. Kuseri kwa malire a esitetiyo, ku Mbombwe, kunali Providence Industrial Mission ya M'busa John Chilembwe, imene inayamba mu 1900, ndipo akhristu ake ambiri anali anthu a pa esiteti yomweyo. Atamanga matchalitchi audzu m'midzi yawo, oyang'anira esitetiyo anawatenthera. Apa pakuoneka poyera kuchepa kwa ufulu umene anthuwa anatsala nawo: ankaloledwa kugona ndi kulima pa malowo, koma osati kupempherapo monga akufunira. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anafika ku Magomero n'kupha Livingstone. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, ndipo omutsatira ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa. Komiti yofufuza imene boma linakhazikitsa inavomereza m'lipoti lake la 1916 kuti zochitika pa esiteti ya Bruce zinali zankhanza ndi zosemphana ndi malamulo, koma inaloza chala kwambiri pa munthu mmodzi wakufayo, osati pa dongosolo limene linamupatsa chikoticho.

Malamulo analembedwa, ndipo analembedwa kangapo. Pambuyo pa chigamulo cha Nunan, lamulo la 1904 linati eni maesiteti apatule gawo limodzi mwa magawo khumi a malo awo kuti anthu akhalepo mokhazikika. Silinagwiritsidwe ntchito. Lamulo la 1917 linaletsa kulipiritsa lendi ndi ntchito, n'kunena kuti ikhale ya ndalama. Eni maesiteti, amene ankafuna manja osati masheleni, anangoopseza kuthamangitsa aliyense wofuna kulipira ndalama, ndipo boma linaleka osalimbikira. Mu 1920 kunabwera komiti ina ya za malo, ndipo zokambirana zinatenga zaka zisanu ndi zitatu.

Chimene chinatuluka ndi lamulo la 1928, Natives on Private Estates Ordinance, limene ndi loyenera kuliyang'anitsitsa chifukwa linapatsa ndi dzanja limodzi n'kulanda ndi linalo. Linati lendi itha kulipidwa m'njira zitatu: ndalama, ntchito, kapena kulima mbewu ndi kugulitsa kwa mwini esiteti. Linaika malire a lendiyo, imene m'madera ambiri inali pafupifupi paundi imodzi pa chaka, ndipo linapatsa wolipira ufulu wa malo a nyumba, munda, nkhuni ndi mitengo yomangira. Koma lamulo lomwelo linafafaniza kusiyana kwa eni mudzi oyambirira ndi obwera. Ufulu wokhala ulere, umene Johnston analonjeza ndipo Nunan anautsimikiza, unathera pomwepo. Linalolanso mwini esiteti kuthamangitsa mabanja okwana 10 mwa 100 aliwonse pa zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa.

Mbali imene inabaya pamtima pa mudzi inali ya ukwati. Mnyamata wobadwira pa esiteti akafika zaka 16 analibe ufulu wopitiriza kukhalapo popanda chilolezo, ndipo mwini esiteti ankatha kukaniza mwamuna wochokera kunja kudzamanga banja kwa mkazi wake. Kwa anthu a chikamwini, amene mudzi wawo umakula ndi ana aakazi ndi amuna odzawakwatira, zimenezi zinali kudula mudzi kumizu. Nkhani imene kale inali ya ankhoswe, malume ndi nyakwawa inayamba kudikira mawu a mu ofesi ya esiteti. Alembi a lamuloli ankaganiza za banja lolowa kwa mwamuna monga kwawo ku Ulaya, ndipo eni maesiteti anazindikira msanga kuti chilolezo cha mkamwini ndi chingwe chabwino chomangira munthu pa ntchito. Mnyamata wofuna kukhala ndi mkazi wake ankavomera pangano lililonse.

M'zaka za m'ma 1930, mitengo ya mbewu itagwa pa dziko lonse lapansi, maesiteti ambiri analibe ntchito yopatsa anthu, ndipo anatembenukira ku njira yachitatu ija. Anthu ankalima fodya kapena thonje m'minda yawo ya pa esiteti, n'kugulitsa kwa bwana pa mtengo woikidwa ndi bwanayo. Makampani ena anasanduka ogula mbewu basi, akudyera mwayi wokhala ndi chikalata cha malo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, tiyi ndi fodya zitakweranso, chiwerengero cha anthu chinali chitachuluka kwambiri, ndipo malo a mafumu oyandikana ndi maesiteti anali atadzaza. Mu 1943 mabanja mazanamazana m'boma la Blantyre anapatsidwa makalata oti achoke, ndipo ambiri anakana, chifukwa kunalibe kopita. M'maesiteti momwemo ankaona maekala zikwizikwi a tchire losalimidwa limene sankaloledwa kuligwira khasu.

Mu 1946 boma linaitana Sir Sidney Abrahams kudzafufuza. Iye anaona kuti mwini chikalata ndi munthu wa pa esiteti sangagwirizane, chifukwa aliyense ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti malowo ndi ake, wina mwa pepala, wina mwa manda a makolo ndi thukuta. Analangiza kuti boma ligule malo osagwiritsidwa ntchito ndi malo odzaza anthu, kuti abwerere pansi pa mafumu. Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene anafika mu 1948, anayamba kugula, koma pang'onopang'ono, ndipo njala ya 1949 inapeza anthu a kummwera akadali opanikizika. Malo ena amene anagulidwa, monga ku Chingale m'boma la Zomba, anali kutali, otentha, ndipo anthu ozolowera mapiri a Thyolo sankafuna kusamukirako.

Ku Thyolo komweko ndi kumene kunaphulika mu Ogasiti 1953. Lendi inali itakwezedwa kufika pa masheleni 52 ndi mapeni 6, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chikukhazikitsidwa anthu akuchikana, ndipo mantha oti malo otsala atengedwanso anali paliponse. Mkangano wa malalanje pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza unayatsa moto. Anthu anatseka misewu ndi mitengo, anadula mawaya a telefoni, anakana lendi ndi msonkho. Pofika pamene zipolowe zinazizira, anthu 11 anali ataphedwa. Zitatero boma linafulumiza kugula malo, ndipo makampani amene kale ankakana kugulitsa anayamba kuvomera.

Nyasaland African Congress, kenako Malawi Congress Party, inapeza pa nkhani ya thangata mawu amene munthu aliyense wa kummwera ankawamva popanda kumasulira. Chipanichi chitapambana chisankho cha Ogasiti 1961, Dr Hastings Kamuzu Banda anatenga unduna woyang'anira za malo ndi zachilengedwe, ndipo lamulo la 1962 linathetsa mchitidwe wa thangata. Pofika 1964 maesiteti a azungu anali atatsala ndi maekala ongopitirira 400,000, ambiri a iwo minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje.

Mabuku a sukulu kawirikawiri amaimira pamenepa. Koma ulimi wa munthu pa malo a wina, pa pangano lolembedwa ndi mwini malo yekha, sunathe mu 1962. Unangosamukira chigawo chapakati ndi kumpoto, kumene unali utayamba kale m'zaka za m'ma 1920 pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace ankalimitsa anthu fodya m'dera la Lilongwe. Lamulo la malo la 1965 linaika nthaka ya mafumu m'manja mwa mtsogoleri wa dziko ndipo linapatsa nduna mphamvu yoibwereketsa pa lizi. Lamulo la mbewu zapadera linati fodya wa bale ndi wa fuluu alimidwe pa maesiteti pokha. Zotsatira zake, maesiteti anachuluka kuchoka pa mazana ochepa mu 1970 kufika kupitirira 14,000 mu 1989, ndipo eni ake tsopano anali Amalawi: andale, akuluakulu a boma, amalonda, ndi makampani monga Press Farming.

Olima fodyayo anali matenanti. Ambiri ankatengedwa pa malole kuchokera ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Machinga, kupita ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi. Ena mwa iwo anali zidzukulu za anthu omwe aja a thangata, amene malo ogulidwa ndi boma sanawakwanire. Tenanti ankapatsidwa gawo la munda, mbewu, feteleza ndi phoso pa ngongole, n'kulima ndi mkazi ndi ana ake nyengo yonse. Pokolola ankagulitsa fodya kwa mwini esiteti yekha, pa mtengo ndi magiredi onenedwa ndi mwiniyo, ngongole n'kuchotsedwa. Ambiri ankatsala ndi ndalama yosakwanira ulendo wobwerera kwawo, ena ankatsala ndi ngongole yowamanga chaka china. Kunena zoona, tenanti wa m'ma 1980 anali ndi chitetezo chochepa kuposa munthu wa pa esiteti wa 1928, chifukwa wa 1928 uja lamulo linkamutchula ndi kumupatsa zaka zisanu, pamene tenanti ankakhala pa mawu apakamwa a nyengo imodzi. Alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale m'minda yawo kuyambira 1990, koma utenanti unapitirira. Mu Novembala 2019 dziko la United States linaimitsa fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti.

Ku Thyolo ndi Mulanje nkhani ya zikalata za Johnston ikadali yamoyo. Pakati pa 2004 ndi 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi World Bank, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000 osowa malo, ena mwa iwo ochokera m'maboma awiriwa, n'kuwapezera minda ku Machinga, Mangochi, Balaka ndi Ntcheu. Otsala akulima m'mapiri otsetsereka ndi m'mphepete mwa minda ya tiyi, ndipo mikangano ya nkhuni, udzu ndi malire imafika kupolisi ndi kukhoti kawirikawiri. Gulu la People's Land Organisation, lotsogozedwa ndi Vincent Wandale, linatchuka m'zaka za m'ma 2010 pofuna kuti malo osalimidwa a maesiteti abwezedwe kwa anthu, ndipo mfundo zake zinali zomwe Abrahams anamva mu 1946.

Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, akulola banja kulembetsa munda wa makolo m'kaundula ndi kulandira chikalata, kudzera m'makomiti a malo a m'midzi momwe amayi ayenera kukhala osachepera theka la mamembala osankhidwa. Uyu ndi kaundula amene anasowa mu 1892. Koma m'midzi yambiri lero mwabuka pangano lina limene nthawi zambiri silifika pa pepala lililonse: kubwereketsa munda pa lendi ya nyengo imodzi. Banja losowa feteleza kapena lopanikizika ndi matenda limapereka ekala yake kwa mphunzitsi, wamalonda kapena munthu wa m'tauni, ndalama n'kulandiriratu mvula isanagwe, kenako eni mundawo amakagwira ganyu yopalira m'munda womwewo.